Mjigo Wodziitanira Wokonza

Mau olankhulidwa kwa aphunzitsi a m'sukulu za kumidzi, onena za zipangizo zolumikizidwa ndi intaneti

Mphunzitsi ali yense adziwa nchito ya kaundula. M'mawa muli monse aitana maina a ana, nalemba amene abwera ndi amene sanabwere. Pakutha pa mwezi aonkhetsa ziwerengerozo, nazitumiza kwa akulu a maphunziro. Akuluwo sanapondemo m'kalasi, koma poona pepalalo adziwa kuti pa sukulu yakuti ana acepa m'nyengo ya kupalira, kapena kuti atsikana a m'kalasi lalikulu alikusiya mmodzi mmodzi. Mphunzitsi aona, alemba, natumiza kwa munthu wa kutali kuti acitepo kanthu. Amene azolowera nchito imeneyo wamvetsa kale gawo lalikulu la nkhani ino.

Pakuti masiku ano nchito yomweyo yayamba kucitidwa ndi zinthu zopanda moyo. Mjigo, nyali, firiji, galimoto, ngakhale cidole ca mwana, zikhoza kuona kanthu, kukawerenga, ndi kutumiza mau kwa munthu kapena kwa makina ena okhala kutali, popanda wina kuzigwira. Pa Cingelezi zimenezi azicha Internet of Things, ndiko kunena intaneti ya zinthu. Intaneti imene aphunzitsi ambiri aizolowera ndi ya anthu: munthu atenga foni, nalemba uthenga, mnzace nauwerenga. Koma mu inayi olemba ndi owerenga ndi zipangizo. Ambiri poifotokoza ayamba ndi nyumba za anthu acuma a m'mizinda ya maiko akunja, kumene zitseko zitseguka ndi foni, ndipo mphunzitsi wa kumudzi pakumva zotere ayesa kuti nkhaniyi siimkhudza. Komatu citsanzo comveka bwino koposa ciri pa mjigo wa pamudzi.

Ali yense wa kumudzi adziwa m'mene zikhalira mjigo ukaonongeka. Tsiku loyamba amai aima ndi zidebe zao, nayesa kupopa mmodzi mmodzi, nabwerera cabe. Tsiku laciwiri atsikira ku dambo kumene ng'ombe zimwa, ndipo atsikana ayamba kufika ku sukulu phunziro loyamba litatha. A komiti ya mjigo aitana msonkhano, koma msungicuma wapita ku maliro. Akasonkha ndalama atuma mnyamata pa njinga kukaitana wokonza. Wokonzayo abwera patapita masiku, natsegula, napeza kuti citsulo cofunika alibe, ciri ku tauni. Pamene zonsezi zirikucitika matenda a m'mimba alowa m'mudzi, ndipo mphunzitsi awaona m'kaundula mwace. Bvutoli si la mudzi umodzi iai. Ofufuza za madzi anawerengera mijigo yosagwira nchito m'maiko a Africa a kumwera kwa Sahara: ena ati umodzi mwa itatu, ena ati umodzi mwa isanu.

Ofufuza a ku Oxford University, pakati pao Patrick Thomson ndi Rob Hope, anaona kuti cimodzi mwa zocedwetsa zazikulu ndi uthenga: amene ali ndi zitsulo ndi luso samva msanga. Tsono anapanga kabokosi kakang'ono koika pa cogwirira ca mjigo. M'kabokosimo muli kacipangizo komva kugwedezeka, ka mtundu womwewo umene uli m'foni zamakono, umene utembenuza cithunzi munthu akapendeketsa foni yace. Muli kaubongo ka magetsi, kocepa ngati cikhadabo, kamene kawerenga kuti cogwirira cakwera ndi kutsika kangati. Mulinso SIM khadi, yonga ya m'foni iri yonse, ndi batire. Nthawi ndi nthawi kabokosiko katumiza uthenga waufupi ku kompyuta ya kutali, ndipo kompyutayo isandutsa kupopako kukhala ciwerengero ca malita a madzi amene atungidwa.

Aphunzitsi a dziko lino la Zambia ayenera kudziwa kuti kabokosi kameneka kanayesedwa poyamba mu Lusaka, m'caka ca 2011. Pambuyo pace, m'caka ca 2013, kanagwira nchito pa mijigo 66 ku Kyuso, m'cigawo ca Kitui ku Kenya. Kale mjigo ukaonongeka kumeneko, anthu anali kudikira masiku ngati 27 kuti ukonzedwe. Kabokosi katabwera, pamodzi ndi wokonza wolembedwa nchito, kudikirako kunatsika kufika pa masiku osakwana atatu.

Cozizwitsa apa ndi ici, kuti kabokosiko sikadziwa kuti mjigo waonongeka. Kangowerenga. Cimene cilankhula ndi kusintha kwa ciwerengero. Mjigo umene masiku onse uyamba kupopedwa tambala atalira, nucita phokoso kufikira madzulo, lero wakhala cete m'mawa wonse: pamenepo wokhala pa kompyuta adziwa kuti pali kanthu, monga mphunzitsi adziwira kuti pali kanthu ku nyumba ya mwana wakhama amene wajomba masiku atatu. Ndiponso kabokosiko sikanakonze mjigo ngakhale umodzi. Anakonza ndi munthu wokhala ndi njinga yamoto, zitsulo, ndi malipiro. Cifukwa cace pa nchito ya ofufuza aja panabadwa bungwe la FundiFix, limene midzi ya ku Kitui ndi ku Kwale ilipirako ndalama mwezi ndi mwezi kuti wokonza azibwera msanga. Kukadapanda wokonzayo, mauthenga onse aja akadafanana ndi malipoti a sukulu amene afika ku ofesi, naikidwa m'kabati, nadyedwa ndi ciswe. Ogulitsa zipangizo sakonda kunenapo zimenezi, koma mphunzitsi asaziiwale.

Ciyambi ca zonsezi cinali coseketsa. M'caka ca 1982 ophunzira a pa Carnegie Mellon University, mu mzinda wa Pittsburgh ku America, anatopa ndi kuyenda ulendo kupita ku makina ogulitsa Coca-Cola ndi kupeza mulibe kanthu, kapena muli mabotolo ofunda. Tsono analumikiza makinawo ndi kompyuta, kotero kuti munthu akhoze kufunsa ali pa mpando wace ngati muli botolo lozizira. Dzina lakuti Internet of Things linabwera m'caka ca 1999, kucokera kwa Kevin Ashton wa ku Britain, amene anali pa nchito ku kampani ya Procter & Gamble. Iye anabvutika poona kuti mtundu wina wa mankhwala opaka milomo unali kusowa m'masitolo pamene m'nyumba zosungiramo katundu unali wambiri, naganiza kuti katundu ali yense akhale ndi kacizindikilo ka wailesi konena kumene ali. Kuyambira pamenepo tizipangizo tamagetsi tatsika mtengo kwambiri, ndipo nsanja za foni zafika kumidzi. Owerengera abvomerezana kuti zipangizo zolumikizidwa zaposa kale anthu a pa dziko lonse lapansi, amene anakwana mabiliyoni 8 m'caka ca 2022.

Zina mwa izo zigwira nchito yosatsutsika. Katemera wambiri ayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo m'zipatala zina za kumidzi firiji itumiza yokha uthenga ku foni ya namwino kutentha kukapitirira malire. M'cigwa ca Luangwa ofufuza abveka mikango ndi mimbulu makolala osonyeza kumene nyamazo ziri, kotero kuti yogwidwa m'msampha wa waya ipezeke isanafe. Ndipo pali bungwe la TAHMO, loyambidwa ndi akatswiri a ku Delft m'dziko la Netherlands ndi a ku Oregon State University, limene colinga cace ndi kuika malo oyezera nyengo 20,000 m'Africa, motalikirana makilomita 30. Ambiri mwa malo amene laika kale ali pa sukulu, pakuti mphunzitsi ndiye mlonda wokhulupirika wa cipangizo cotere, ndipo ana aphunzirapo masamu ndi za mvula ya pa mudzi wao womwe.

Kufikira pano nkhani yakhala ya mau ocoka ku cipangizo kupita kwa munthu wa kutali. Koma njira yopitira ku dimba ndi yomweyo yobwererako. Cipangizo cimene cikhoza kutumiza mau cikhozanso kulandira lamulo, ndipo apa mpamene mphunzitsi ayenera kuchera khutu.

Ku Kenya kampani ya M-KOPA, imene inayamba mu Nairobi m'caka ca 2011, inagulitsa magetsi a dzuwa kwa anthu osakhoza kulipira mtengo wonse pa kamodzi. Munthu anali kupereka cikole, natenga sola, batire, nyali ndi pochajira foni. Pambuyo pace anali kulipira pang'ono-pang'ono kudzera pa M-PESA, mashilingi ngati 50 pa tsiku kwa caka cimodzi, ndipo akatsiriza katunduyo anali wace. Cinapatsa kampaniyo mtima wokongoza munthu wa kumudzi, wopanda buku la ku banki, ndi SIM khadi yokhala m'kati mwa bokosi la batire. Munthu akalipira nyali iyaka. Akapanda kulipira, kompyuta ya ku Nairobi itumiza lamulo, nyali nizima. Ubwino wace ngwoonekeratu: mabanja ambiri anasiya koloboyi ndi utsi wace, ana nawerenga usiku. Koma pa caka conseco cozimitsira nyali ya m'nyumbamo siciri m'manja mwa mwini nyumba yekha. Mwezi wa njala, pamene ndalama yapita ku cimanga, nyali izima ngakhale dzuwa lawala tsiku lonse ndipo batire ladzaza. Ndipo makina samva kudandaula monga amvera mwini grosale wodziwana naye.

Makampani ogulitsa sola mwa njira yolipira pang'ono-pang'ono alipo ndi m'Zambia muno. Ena aika SIM khadi m'zipangizo zao, ena atumiza manambala ku foni ya wogula kuti alowetse yekha. Kusiyana kwace kuoneka bwino pa mita wamba wa ZESCO wolipiriratu. Munthu agula mayunitsi, nalandira manambala 20, nawalemba pa mita ndi cala cace. Apa mthenga ndi munthuyo. Mita yotere siilankhula ndi kampani. Tsono pofuna kudziwa ngati cinthu ciri m'gulu la intaneti ya zinthu, funso ndi lakuti, kodi citumiza ndi kulandira mau cokha, popanda munthu kuwanyamula?

Mphamvu yolamulira cinthu uli kutali ioneka pa zazikulu zomwe. M'caka ca 2022, monga inanenera nyumba ya nkhani ya CNN, asilikali a Russia anatenga mathirakitala ndi makina okololera a John Deere mu mzinda wa Melitopol ku Ukraine, nawanyamula ulendo woposa makilomita 1,000 kufika ku Chechnya. Atafika anapeza kuti makinawo sadzuka, cifukwa anatsekedwa ndi anthu okhala kutali. Ambiri anakondwera kuti akuba acita manyazi, ndipo kukondwerako kunali koyenera. Koma mlimi woganiza bwino aonanso kuti dzanja limene linaimitsa thirakitalayo silinali la mlimi. Ku America kunacitika kanthu kena: anthu anagula kabokosi kochedwa Revolv, kolamulira nyali ndi maloko a m'nyumba, pa madola ngati 300. M'caka ca 2016 kampani ya Nest, imene inali itagula opanga kabokosiko, inatseka makompyuta amene kanali kulankhula nao, ndipo timabokosi tonse tinasiya kugwira nchito tiri tosaonongeka.

Ndiponso citseko cimene citsegukira mwini citsegukira ndi mbala, ngati loko wace ali wofoka. Zipangizo zambiri zicoka ku fakitale ziri ndi mau acinsinsi ofanana, monga admin kapena 12345, ndipo ogula ambiri sawasintha. Ena sadziwa n'komwe kuti alipo. M'caka ca 2016 anyamata atatu a ku America anapanga pulogalamu yochedwa Mirai, imene inali kuyendayenda pa intaneti kugogoda pa makamera a alonda ndi pa mabokosi ogawa intaneti, niyesa mau acinsinsi ngati 60 odziwika kale. Pamene panatseguka inalowa. Motero zipangizo zikwi mazana zinasanduka gulu lomvera munthu mmodzi, eni ace osadziwa kanthu, monga ng'ombe zotulutsidwa m'khola usiku kukalimira wina ndi kubwezedwa kusanace: mwini angoona kuti zaoneka zotopa. Gulu lotere likalamulidwa kugogoda pa khomo limodzi nthawi imodzi, khomolo litsekeka kwa anthu ena onse. Pa 21 October 2016 zipangizo zogwidwa ndi Mirai zinaunjikana pa kampani ya Dyn, ndipo anthu ambiri a ku America analephera kufika pa Twitter ndi pa Netflix kwa maora angapo.

Wina akhoza kunena kuti zimenezo ndi za eni ace a ku America. Koma cakumapeto kwa caka comweco munthu wina wa ku Britain anagwiritsa nchito Mirai pomenya kampani ya foni ya Lonestar ku Liberia, atalipidwa ndi munthu wa ku kampani yopikisana nayo, ndipo intaneti inasokonezeka m'mbali zambiri za dzikolo. Bwalo la milandu la mu London linampatsa cilango ca zaka 2 ndi miyezi 8 m'ndende mu January 2019. Boma la Britain linaona kuti kucenjeza ogula kokha sikukwana, ndipo kuyambira pa 29 April 2024 lamulo lace liletsa kugulitsa zipangizo zotere ndi mau acinsinsi ofanana kapena osabvuta kuwalota. Koma katundu wocipa wofika m'misika ya maiko ena samangidwa ndi lamulo la Britain. Potero nchito yoyamba pa cipangizo ciri conse catsopano ndi kusintha mau acinsinsi amene cabwera nao.

Cokhudza aphunzitsi koposa zonse ndi za ana. Mu February 2017 boma la Germany linaletsa cidole cochedwa My Friend Cayla, nililangiza makolo kuti acionongeretu. Cidoleco cinali kumva mau a mwana, kuwatumiza pa intaneti, ndi kumyankha. Koma cinalibe loko ali yense, kotero kuti munthu woima pafupi ndi nyumba ali ndi foni akadakhoza kumvetsera za m'cipinda, ngakhale kulankhula ndi mwanayo kudzera m'cidoleco. Mwana auza cidole zimene sauza mkulu. M'Zambia muno muli lamulo la Data Protection Act la m'caka ca 2021, limene liteteza mbiri ya munthu, monga dzina lace, cithunzi cace, ndi za umoyo wace. Ndipo pa mbiri ya mwana lifuna cilolezo ca kholo kapena womlera. Sukulu siri kunja kwa lamulo limenelo.

Tsono tsiku lina galimoto idzaima pa bwalo la sukulu, nimutuluka anthu aulemu obweretsa mphatso: kaya sola, kaya matabuleti a ana, kaya makina olemba obwera ku sukulu poika cala, kaya kamera. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo mphatso zotere kawiri-kawiri ziri zabwino ndithu. Kuzikana cifukwa ca mantha cabe ndi kumana ana cinthu cao. Koma mphunzitsi wamkulu, pamodzi ndi a komiti ya makolo, asacite manyazi kufunsa alendowo asanasaine pepala. Afunse cimene cipangizoco ciona kapena kumva, ndi dzina la munthu kapena kampani imene ilandira mauwo. Afunse ngati pali wina wa kutali wokhoza kucizimitsa, ndi pa cifukwa canji. Koposa zonse afunse za caka cacitatu, pamene nchito ya alendowo idzakhala itatha: adzalipira SIM khadi ndani, adzagula batire ndani, ndipo uthenga ukatumizidwa adzakwera njinga yamoto ndani? Alendo oona mtima akondwera ndi mafunso otere. Mayankho alembedwe m'buku la sukulu, pakuti aphunzitsi asamutsidwa koma cipangizo citsala.

Kuphunzitsa ana zimenezi sikulira magetsi kapena kompyuta. Mphunzitsi atenge botolo la pulasitiki la mbali zoongoka, alidule pamwamba, alembepo mizere ya mamilimita, naliimike pabwalo kutali ndi mitengo ndi madenga. Mwana mmodzi akhale woona: m'mawa muli monse, pa ora limodzi-modzi, awerenge madzi a mvula ndi kuwataya. Waciwiri alembe ciwerengeroco pa kapepala. Wacitatu akhale mthenga, anyamule kapepalako kupita nako ku kalasi lina, kumene wacinai, wosaturuka kunja konse, alemba pa bolodi ndi kulamula ngati dimba la sukulu lithiriridwe lero kapena iai. Pakutha pa sabata mphunzitsi auze ana kuti woona uja ndiye kacipangizo komva, wolemba ndiye kaubongo, mthenga ndiye netiweki, ndi wa pa bolodi ndiye kompyuta ya kutali. Sabata yaciwiri anong'oneze mwana wina kuti akumane ndi mthenga panjira ndi kusintha nambala, 3 akhale 30. Dimba lidzagona losathirira, ndipo anawo adzakumbuka okha za Kandimverere amene anakanena za m'maluwa. Pamenepo awafunse njira imene wa pa bolodi angadziwire kuti kapepala kacokeradi kwa wolemba.

Tsiku lina kapepala kasafike konse, ndipo wa pa bolodi afunsidwe tanthauzo la kusafikako. Ana adzapeza mayankho ambiri: mvula sinagwe ndipo woona anayesa kuti palibe colemba, woona wadwala, mthenga waima kusewera mpira, mbuzi yagwetsa botolo. Munthu wokhala pa kompyuta ya mijigo akumana ndi funso lomwelo. Uthenga ukapanda kufika, kapena batire latha, kapena netiweki yasowa. Uthenga ukafika wonena kuti palibe anapopa, kapena mjigo waonongeka, kapena mudzi wonse uli ku maliro. Ofufuza a ku Oxford anapezanso cifukwa cina poyerekeza ziwerengero za mijigo ya ku Kwale ndi ziwerengero za mvula: tsiku lotsatana ndi mvula yaikulu kupopa kunali kutsika kwambiri pa mijigo yabwino-bwino, pakuti amai anali atachera madzi a padenga ndi kutunga m'zithaphwi za pafupi. Wa pa bolodi akamva zimenezi afunsidwe kuti, mwa zonsezo, atumiza wokonza pa ziti, popeza mafuta a njinga yamoto ali a ulendo umodzi wokha.